Msonkho ndi Chikumbumtima: Kuŵerenganso Kabuku ka John Wesley ka 1775

Chakumapeto kwa chaka cha 1775 John Wesley, wansembe wa Mpingo wa Anglican amene adayambitsa gulu la Amethodisti, adasindikiza kabuku kotchedwa A Calm Address to Our American Colonies. M'kabukumo adafuna kutsimikizira Angerezi okhala ku America kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London inali ndi mphamvu zoŵakhometsa msonkho, ngakhale iwo analibe phungu ndi mmodzi yemwe m'nyumbayo. Kabukuko kadagulidwa kwambiri, ndipo kadautsa mkwiyo waukulu mbali zonse ziŵiri za nyanja. Tikufuna kukaŵerenganso pano chifukwa funso limene kakuyankha limamfikira wansembe aliyense pa nthaŵi yake: pamene boma likhometsa msonkho, anthu nayamba kukana, mlaliki anene chiyani pa guwa? Maganizo athu ndi akuti Wesley adaphonya pa nkhani ya msonkho, koma adalasa pa nkhani ya ukapolo, ndipo woŵerenga ayenera kugwira ziŵirizi pamodzi, osataya chimodzi.

Chiyambi cha mlandu

Nkhondo ya zaka 7 pakati pa Britain ndi France idatha mu 1763. Britain adapambana natenga Canada, koma ngongole ya boma inali itakwera pafupifupi kaŵiri, kupitirira mapaundi 120 miliyoni, ndipo boma lidaganizanso zosunga asilikali pafupifupi 10,000 ku North America. Nduna yaikulu, George Grenville, idaona kuti okhala kumeneko ayenera kuthandizako kulipira. Mu 1764 kudatuluka lamulo la shuga, limene lidatsitsa msonkho wa manyuchi a nzimbe kuchoka pa mapeni 6 kufika pa mapeni 3 pa galoni, koma lidakhwimitsa katoleredwe kake, popeza kale amalonda ankangouzemba. Mu 1765 kudabwera lamulo la masitampa: nyuzipepala, zikalata za kukhoti, mapangano a malonda, ngakhale makadi oseŵerera, zonsezo zinayenera kukhala ndi chidindo cha boma chogula ndi ndalama.

Ndalamazo sizinali zambiri, pakuti munthu wa ku England ankalipira msonkho woposa pamenepo kutalitali. Chimene chidaŵaŵa anthu a ku America chinali mwini lamulolo. Chigawo chilichonse mwa zigawo 13 chinali ndi nyumba yakeyake ya aphungu, ndipo mwa chizoloŵezi nyumba zimenezo ndizo zinkaika msonkho wa m'dzikomo. Mu Okutobala 1765 nthumwi za zigawo 9 zidakumana ku New York, ndipo zidagwirizana kuti Mngerezi sakhometsedwa msonkho popanda chivomerezo chake kapena cha phungu amene iye adasankha. Amalonda adanyanyala katundu wa ku Britain. Mu Malichi 1766 lamulolo lidafafanizidwa, koma tsiku lomwelo kudakhazikitsidwa lina lonena kuti Nyumba ya ku London ili ndi mphamvu pa zigawozo pa nkhani zonse. Motero muzu wa mkangano udatsala m'nthaka.

Mu 1767 Charles Townshend adaika msonkho pa magalasi, mtovu, utoto, mapepala ndi tiyi. Pa 5 Malichi 1770 asilikali adaombera khamu la anthu ku Boston, anthu 5 nafa. Chaka chomwecho misonkho inayo idachotsedwa, kupatula wa tiyi, umene udasiyidwa dala ngati chizindikiro cha mphamvu. Pa 16 Disembala 1773 anthu a ku Boston adataya m'nyanja mabokosi 342 a tiyi wa East India Company. Mu 1774 boma lidatseka doko la mzindawo, ndipo pa 19 Epulo 1775 mfuti zidalira ku Lexington ndi ku Concord. Kabuku ka Wesley kadatuluka magazi atakhetsedwa kale.

Zimene Wesley adalemba

Mu Juni 1775 Wesley adalembera nduna ziŵiri, Lord North ndi Lord Dartmouth, kuzichenjeza kuti zisagwiritse ntchito nkhondo, ndipo adanena kuti anthu a ku America ngoponderezedwa, akungopempha zimene malamulo adaŵapatsa. Patangopita miyezi yoŵerengeka adaŵerenga kabuku ka Samuel Johnson kotchedwa Taxation No Tyranny, nasintha maganizo. Kabuku kakeko kwakukulu ndi chidule cha ka Johnson, ndipo pa kusindikiza koyamba sadatchule dzina la mwini mfundozo. Augustus Toplady adamuulula pa kukoperako, ndipo Caleb Evans, mbusa wa Baptist wa ku Bristol, adamkumbutsa zimene ankanena poyamba. Kusintha maganizo si mlandu. Chofunika kwa ife ndi kuona ngati mfundo zimene zidamsinthazo zinali zolimba.

Mfundo yoyamba ndi yakuti munthu amabadwa ali kale pansi pa boma, ndipo malamulo amamgwira osamfunsa. Tsono amene ali ndi mphamvu yopanga malamulo ali nayonso yokhometsa msonkho. Yachiŵiri ndi yakuti Angerezi ambiri a ku England komweko analibe voti, komabe ankalipira msonkho, ndipo makolo a anthu a ku America adasiya voti yao mwa kufuna kwao pamene adaoloka nyanja. Yachitatu ndi yakuti chipoloŵe chonsecho chinkasonkhezeredwa ndi anthu oŵerengeka a ku England odana ndi ufumu. Pansi pa zonsezi pali chiphunzitso chimene Wesley adafotokoza mu 1772 m'kabuku kena konena za gwero la ulamuliro. M'menemo adatsamira pa Aroma 13, nanena kuti ulamuliro umachokera kwa Mulungu, ndipo anthu sangakhale gwero lake, popeza akazi, achinyamata ndi amuna opanda malo safunsidwa konse pa chisankho.

Pamene adaphonya

Tikuvomera kuti Paulo woyera amaphunzitsa kuti ulamuliro uli ndi gwero lake mwa Mulungu. Koma Paulo sanena njira imene ulamulirowo umadzera kuti ufike m'manja mwa munthu wakutiwakuti. Aphunzitsi a Mpingo wathu, Robert Bellarmine woyera ndi Francisco Suárez, adayankha kuti Mulungu amapereka ulamuliro ku mtundu wonse wa anthu, ndipo mtunduwo ndiwo umausungiza kwa mfumu kapena kwa bwalo la akuluakulu. Buku la Suárez la 1613 lidatenthedwa poyera ku London chifukwa chotsutsa mfumu James I, imene inkati idalandira mpando molunjika kwa Mulungu. Wesley akulemba ngati munthu ayenera kusankha pakati pa Mulungu ndi anthu, chikhalirecho pali njira yakale yogwirizanitsa ziŵirizo. Ndipo pamene akuti akazi ndi amphaŵi alibe voti, zimene watsimikiza nzakuti chisankho cha ku England chinali chopereŵera. Munthu wa chilungamo akaona zotere amafuna kuti ofunsidwa achuluke. Wesley adatenga kusoŵa mau kwa amphaŵi a kwao nakusandutsa chifukwa chotsekera pakamwa anthu a kutsidya.

Mfundo yake yachiŵiri inali itayankhidwa kale zaka 10 iye asanalembe. A boma ankanena kuti phungu aliyense wa ku London amaimira Angerezi onse, ngakhale amene sadamsankhe, monga anthu a ku Manchester ndi ku Birmingham amene analibe aphungu aoao. Daniel Dulany, katswiri wa malamulo wa ku Maryland, adayankha mu 1765 kuti kufanizirako nkolakwa. Phungu akaika msonkho pa munthu wa ku Manchester, msonkho womwewo umagwera iyeyo, abale ake ndi amene adamsankha, ndiye amayamba waganiza bwino. Akauika pa munthu wa ku Boston, iye salipirako kanthu, ndipo katundu wake amapepuka kumene. Makolo athu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Woimira anthu amene salaŵa nao zoŵaŵa alibe chomdzutsa usiku. Wesley sakuyankha mfundo imeneyi, ndipo popanda kuiyankha kabuku kake sikangaime.

Chachitatu, iye akufunsa ngati boma lili ndi mphamvu, osafunsa ngati mphamvuyo yagwiritsidwa ntchito molungama. Thomas Aquinas woyera, mu Summa Theologiae, gawo I-II, funso 96, mutu 4, amati lamulo limayesedwa pa zitatu: cholinga chake chikhale ubwino wa onse; wolipanga asapitirire malire a mphamvu zake; ndipo katundu amene likusenzetsa anthu agaŵidwe molingana ndi mphamvu za aliyense. Lamulo lolephera pamenepa, akutero Thomas potsata Augustino woyera, limafanana ndi chiwawa koposa lamulo, ndipo silimanga chikumbumtima, kupatula pamene kulikana kungabweretse chikhumudwitso kapena chisokonezo choipa koposa. Tikayesa lamulo la masitampa ndi muyeso umenewu, tiona kuti cholinga chake sichinali chopanda nzeru, popeza asilikali ankatetezadi malire, ndipo kulemera kwake kunali kochepa. Mlandu unali pa chachiŵiricho: kodi Nyumba ya ku London inali ndi mphamvu imeneyi pa anthu amene anali ndi nyumba zaozao? Koma kutseka doko la Boston mu 1774 kudalephera poyera pa chachitatu, pakuti asodzi, amtengatenga ndi ana ao adalangidwa ndi njala chifukwa cha tiyi amene ena adataya. Mbusa amene adaona bwino zimenezi mu Juni sanayenere kuziiŵala pofika Okutobala.

Pamene adalasa

Olemba a ku America ankabwerezabwereza kuti munthu wokhometsedwa msonkho osafunsidwa ndi kapolo. Apa Wesley, amene mu 1774 adalemba kabuku kodzudzula malonda a akapolo, adapeza poima polimba. Poyankha omtsutsa adati iyenso alibe womuimira m'Nyumba ya Malamulo, amalipira msonkho, koma si kapolo. Ndipo wofuna kuona kapolo weniweni ayang'ane munthu wakuda amene akukwapulidwa m'minda ya ku America komweko. Pa nthaŵiyo akapolo anali pafupifupi 500,000, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 5 alionse a m'zigawozo. George Washington ndi Thomas Jefferson anali eni akapolo. Ndiponso china mwa zimene zidakwiyitsa anthu a ku America chinali chilengezo cha mfumu cha 1763 choletsa kulanda malo a eni dziko kuzambwe kwa mapiri a Appalachian. M'chinenero chathu anthu otere tili ndi dzina lao: anali atsamunda. Nkhani imene mabuku ambiri amaikamba ngati ya oponderezedwa okhaokha inalinso mkangano wa atsamunda ndi boma la kwao, pa chuma chimene mbali ina idachokera m'thukuta la akapolo ndi m'nthaka ya eni ake.

Komabe tiyenera kusamala ndi kumene mfundoyi ikutifikitsa. Wesley watsimikiza kuti okana msonkhowo anali achiphamaso; sadatsimikize kuti zimene ankanenazo zinali zabodza. Ngati munthu ayenera kufunsidwa pa mapeni 3 a tiyi, nanji pa thupi lake, pa ntchito yake ndi pa ana ake? Amene adamvetsa bwino zimenezi anali akapolo eni ake. Mu 1773, ndiponso mu 1777, anthu akuda a ku Massachusetts adapereka madandaulo olembedwa ku boma la chigawocho, kupempha ufulu pa zifukwa zomwezo zimene ambuye ao ankapereka kwa mfumu. Iwo adatenga mfundo ya chivomerezo naifikitsa kumene inayenera kufika. Wesley adaona kapoloyo, koma m'kabuku aka adamuitana ngati mboni yotsekera pakamwa ena, m'malo moona kuti mlandu wa kapoloyo ndi wa wolipira msonkho uli ndi muzu umodzi.

Akatolika pakati pa mkanganowo

Pali gulu lina limene Wesley ndi omtsutsa onse adalilambalala. Chigawo cha Maryland chidayambitsidwa mu 1634 ndi banja lachikatolika la Calvert, koma pofika 1718 Akatolika a kumeneko anali atalandidwa voti. Ankalipira msonkho wa fodya wosamalira abusa a Anglican, ndipo mu 1756 nyumba ya aphungu ya chigawocho idaŵakhometsa msonkho wa malo woŵirikiza kaŵiri. Umenewu unali msonkho wopanda chivomerezo, woikidwa ndi anthu omwewo amene patapita zaka 9 adakana masitampa. Mu 1773 Charles Carroll wa ku Carrollton, Mkatolika wophunzira kwa Ajezuiti, adalemba m'nyuzipepala kutsutsa bwanamkubwa Robert Eden, amene adaika yekha malipiro a akuluakulu a boma popanda aphungu. Carroll adati malipiro otere ndi msonkho ndithu. Womtsutsa wake anali Daniel Dulany yemwe uja, ndipo Dulany atapanikizika adayamba kumnyoza kuti ndi Mkatolika wopanda voti, wosayenera kulankhula pa za boma. Munthu amene adafotokoza bwino koposa onse za ufulu wa wolipira msonkho adaukana ufuluwo utafika pa mnansi wake.

Mu 1774 Nyumba ya ku London idalola Akatolika a ku Quebec kupembedza mwaufulu, ndi ansembe ao kulandira chachikhumi. Msonkhano wa nthumwi za zigawo ku Philadelphia udaŵerengera lamuloli pa madandaulo ake, ndipo m'kalata yake kwa anthu a ku Britain udanyoza Chikatolika ngati chipembedzo chokhetsa magazi. Nchifukwa chake mu 1776, pamene Charles Carroll ndi msuweni wake, bambo John Carroll, adapita ku Canada pamodzi ndi Benjamin Franklin kukakopa anthu a kumeneko, adabwerako chimanjamanja. Episkopi Briand wa ku Quebec adalimbikitsa nkhosa zake kukhala zokhulupirika kwa mfumu, pamene Charles Carroll adasaina chikalata cha ufulu wa America, Mkatolika yekhayo mwa osainawo. Ana a Mpingo umodzi adaima mbali ziŵiri, aliyense poona amene adampatsa mpata wopembedza.

Tisafulumire kudzitama nao. Charles Carroll anali ndi akapolo mazanamazana. Ajezuiti a ku Maryland analinso nao m'minda yao, ndipo mu 1838 adagulitsa anthu 272 kwa eni minda a ku Louisiana, ndalama zina nalipirira ngongole za sukulu ya Georgetown. Chala chimene Wesley adaloza nacho eni akapolo chikuloza ndi a m'nyumba mwathu omwe. Amene adalaŵa msonkho woŵirikiza chifukwa cha chikhulupiriro chao sadathe kuona kuti m'munda mwao muli anthu olandidwa zonse.

Phunziro kwa olalika

Wina angaganize kuti popeza Wesley adalakwa poikira boma kumbuyo, mlaliki wabwino ndi amene amaima ndi okana. Nkhani ya Jonathan Mayhew, mbusa wa West Church ku Boston, ikutichenjeza. Mu 1750 iye adalalika pa Aroma 13 yemweyo, nanena kuti Paulo amalamula kumvera wolamulira amene akutumikira ubwino wa anthu, ndipo wolamulira wankhanza wataya udindo umenewo. Pamenepa anali pafupi ndi Thomas woyera kuposa Wesley, ngakhale kuti ankadana kwambiri ndi Chikatolika. Koma pa 25 Ogasiti 1765, mzinda uli wotentha kale, adalalika za ufulu kuchokera pa Agalatiya 5, ndipo usiku wa tsiku lotsatira khamu lidaphwasula nyumba ya Thomas Hutchinson, wachiŵiri kwa bwanamkubwa, munthu amene mwamseri adaatsutsa lamulo la masitampa. Mayhew adakana kuti ndiye adatuma anthuwo, ndipo adamva chisoni kwambiri. Mau oona, olankhulidwa osaganizira tsiku ndi makutu amene akumva, adagwera pa munthu wosayenera.

Mfundo yakuti wina angathe kuimira anthu amene sadamsankhe si yachilendo kwathu kuno. Boma la Britain lidayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'dziko lino m'zaka za m'ma 1890, pa nthaŵi ya Harry Johnston. Bungwe lopanga malamulo la Nyasaland lidakhazikitsidwa mu 1907, koma Mwafirika woyamba adaloŵamo mu 1949. Pa zaka za pakatipo wolankhulira anthu akuda ankakhala mmishonale wosankhidwa ndi bwanamkubwa, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Ena mwa iwo adalankhula molimba mtima, koma adalibe kumangidwa chifukwa chosoŵa ndalama ya msonkho, ndipo olipirawo sakadatha kuŵachotsa pa mpando. Yankho la Dulany likugwiranso pamenepa, ndipo likutikhudza ife makamaka, chifukwa woikidwa pa mpando umenewo anali munthu wa mpingo. Wansembe amakopeka msanga kukhala pakamwa pa anthu ake, mpaka kuiŵala kuti anthuwo ali ndi pakamwa pao.

Msonkhano wa Vatikani Wachiŵiri, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udagwira mbali zonse ziŵiri zimene Wesley ndi Mayhew adagaŵana. Pa nambala 30 ukudzudzula ozemba msonkho wolungama mwachinyengo. Pa nambala 74 ukuti nzika zimvere ulamuliro woyenda m'malire a chilungamo, komanso zili ndi ufulu woteteza zoyenera zao pamene ulamuliro wapitirira malire, malinga zisunge lamulo lachibadwa ndi Mthenga Wabwino. Pa nambala 75 ukufuna kuti nzika zonse, popanda tsankho, zikhale ndi mbali posankha atsogoleri ndi poyendetsa dziko. Liu lakuti zonse ndilo lidasoŵa ku London, ku Boston ndi ku Maryland.

Choncho mlaliki amene afunsidwa za msonkho asathamangire kuŵerenga Aroma 13 ngati chidindo cha boma, kapena Agalatiya 5 ngati lipenga la nkhondo. Ayambe wafufuza kuti ndalamazo zikukagwira ntchito yanji, adaika msonkhowo ndani ndipo adampatsa mphamvu ndani, ndiponso ukulemera pa mapewa a yani. Pambuyo pake afunse funso limene Wesley adangolikhudza osalimaliza: mwa anthu amene akusenza katunduyu, ndani amene dzina lake silikutchulidwa ndi boma ngakhale ndi okana boma? Afunsenso ngati munthu woteroyo sakugwira ntchito m'munda wa parishi kapena m'khitchini ya ansembe. Kabuku ka Wesley tikaŵerengetse m'maseminale athu pamodzi ndi yankho la Dulany ndi madandaulo a akapolo a ku Massachusetts, kuti wophunzira aone yekha kuti mlembi aliyense adaima pati, ndiponso kuti ndi yani amene adafikitsa mfundoyo pamapeto pake.